Akapamba Awiri ndi Mabotolo 48 a Mafuta

KOMITI YOONA ZA ZINYAMA ZA KAFUKUFUKU
Zolembedwa za msonkhano wa nambala 17

Tsiku: Lachinayi, pa 14 Ogasiti
Malo: Chipinda chomweramo tiyi, nyumba ya labotale, chifukwa m'chipinda cha misonkhano akupentabe kuyambira chaka chatha
Nthawi yoyambira: 10 koloko m'mawa

Amene analipo:
Wapampando, amene ndi Pulofesa
Dokotala wa Zinyama, wachiwiri kwa Wapampando
Mayi Wofufuza, mwini kafukufuku wa matenda a shuga
Mayi Aphunzitsi, mphunzitsi wopuma pa ntchito, woimira anthu wamba
Mlembi, amene saponya voti

Woitanidwa: wosamalira makoswe, amene nyumba yonse imawatcha Atate a Makoswe

Amene sanabwere: Wa Malamulo anapepesa. Woyang'anira Nyumba sanapepese, ndipo anaoneka pa windo akudutsa.

1. KUTSEGULA MSONKHANO

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 10:20. Anayamikira mamembala kuti kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi itatu chiwerengero chakwana. Anati kunjaku anthu akunena kuti komiti ino imangomwa tiyi, choncho lero ionetse kuti imagamula zinthu. Ananena zimenezi ketulo ikuwira kumbuyo kwawo.

Anati nkhani yaikulu ndi imodzi, yoti komiti ilembere akuluakulu kuti wosamalira makoswe achotsedwe ntchito kapena ayi. Analamula kuti bamboyo adikire pa benchi ya m'khonde mpaka ataitanidwa. Analamulanso kuti m'zolembedwa atchulidwe ndi udindo wawo, osati dzina lamasewera. Mlembi wayesetsa, koma munthu amene wakhala ukumutcha Atate a Makoswe kwa zaka 22, dzanja limakana kumulemba mwamtundu wina.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Zinawerengedwa. Dokotala wa Zinyama anatsutsa mzere wonena kuti iwo anagona pa mfundo yachinayi. Anati anangotseka maso kuti amve bwino. Mzerewo unakonzedwa, ndipo tsopano ukuti Dokotala anamva bwino kwa mphindi makumi awiri. Zolembedwa zinavomerezedwa.

3. ZOTSALIRA: MABOTOLO A MAFUTA

Mlembi anawerenga kalata ya Atate a Makoswe, yachisanu pa nkhani yomweyi, yopempha chilolezo chotaya mabotolo 48 olembedwa kuti "mafuta". Mabotolowo adzaza shelefu ya m'chipinda cha makoswe, moti matumba a chakudya akukhala pansi. Lamulo la nambala 9 la kafukufuku limati chilichonse chochokera m'thupi la nyama chisatayidwe popanda chilolezo cholembedwa cha komiti, ndipo komiti sinakumane.

Mayi Aphunzitsi anafunsa kuti ndi mafuta a chiyani. Wapampando anati mafuta ndi mafuta, anthu ophunzira sangathere m'mawa wonse pa zinyalala. Onse anavomera kuti atayidwe. Popeza galimoto yotenga zokawotcha imabwera Lachinayi lililonse cha m'ma 11:30, Dokotala wa Zinyama anatuluka kukauza Atate a Makoswe pa benchi paja kuti mabotolowo akwere lero lomwe.

Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti nkhaniyi yatha m'mphindi ziwiri zokha. Zalembedwa.

4. LIPOTI LA KAFUKUFUKU WA SHUGA

Mayi Wofufuza anayamba lipoti lawo m'Chingerezi, koma Mayi Aphunzitsi anawaimitsa pa chiganizo chachitatu.

"Mwana wanga," anatero, "ine ndimadzibaya jakisoni wa shuga kawiri pa tsiku, chaka chakhumi ndi chiwiri tsopano. Lankhulani zoti ndimve, chifukwa makoswe anuwo akudwalira ine."

Mayi Wofufuza anayambiranso. Anati m'mimba, kuseri kwa chifu, muli chiwalo chimene madokotala amati pankiriyasi. M'chiwalocho muli timagulu ta maselo, timene timaoneka ngati tizilumba, topanga insulini yotsitsa shuga m'magazi. Maselowo akafa, munthu amadwala shuga. Funso la kafukufuku wawo ndi lakuti, kodi maselo oterewa akawonongeka angamerenso?

Anatenga makoswe 48 n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba silinachitidwe kanthu. Lachiwiri linabayidwa mankhwala owononga maselo aja, ndipo shuga wake anakwera. Lachitatu linabayidwa mankhwala omwewo, kenako n'kumapatsidwa mankhwala ena amene akuyesedwa. Sabata iliyonse Atate a Makoswe ankatenga kadontho ka magazi kunsonga kwa mchira wa khoswe aliyense, osaphonyapo tsiku. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi shuga wa gulu lachitatu anayamba kutsika.

Mayi Aphunzitsi anakhala tsonga n'kufunsa ngati maselo anameradi. Mayi Wofufuza anati zimenezo sizidziwika mpaka chiwalocho chitaonedwa pa maikulosikopu. Choncho makoswe onse anagonekedwa ndi mankhwala, osamva ululu, kuti chiwalocho chichotsedwe. Nthawi imeneyo Mayi Wofufuza anali pa tchuthi cha uchembere, katswiri wa mu labotale anali atapita kusukulu, ndiye ntchitoyo inagwera Atate a Makoswe. Ziwalo zinakhala m'mabotolo miyezi isanu kudikira makina ochekera, amene anali atafa.

Mwezi watha zotsatira zinabwera. Pa magalasi onse 48 oonera pa maikulosikopu panalibe kachilumba n'kamodzi komwe. Wapampando anakumbutsa komiti kuti poyamba iwo anakondwa, moti anauza alendo ena kuti mankhwala owononga aja ndi amphamvu kwambiri, asesa maselo onse. Mayi Aphunzitsi anafunsa ngati anasesanso m'makoswe amene sanabayidwe n'komwe. Wapampando anapempha kuti funsolo lisalembedwe.

Mayi Wofufuza anati katswiri wa maikulosikopu ndiye anatulukira vuto. Chimene chili m'mabotolo si pankiriyasi ayi, koma sipulini, chiwalo china chofiirira chosefa magazi. Mabotolo onse 48 ndi choncho. Anati ntchito ya zaka ziwiri yapita, ndipo chilolezo chawo sichilola kutenganso makoswe ena. Pamenepa anapempha madzi. Mlembi anawapatsa osawayang'ana kumaso.

5. NKHANI YA ATATE A MAKOSWE

Wapampando anati uku ndi kunyozera ntchito kosaneneka, ndipo akuluakulu akufuna dzina la wolakwa pofika mawa. Dokotala wa Zinyama anati iwo anachita mbali yawo, bamboyo anamuphunzitsa okha masana athunthu.

Atate a Makoswe anaitanidwa nthawi ya 11:05. Analowa atavala khothi loyera losita bwino, kapusi ili m'manja, ndi pepala lokutidwa m'pulasitiki. Anapatsidwa mpando koma anati aimirira.

"Bambo," anatero Wapampando, "munauzidwa kuchotsa pankiriyasi. N'chifukwa chiyani munachotsa sipulini?"

"Bwana, awiri onsewo ine sindiwadziwa. Ine ndinachotsa kapamba."

Anaika pepala lija pa tebulo. Linali la malangizo a ntchitoyo, lotembenuzidwa kuchoka m'Chingerezi. Mzere wachisanu ndi chimodzi umati: "Tsegulani pamimba, chotsani kapamba yense, muikeni m'botolo la mankhwala osungira, lembanipo nambala ya khoswe."

Wapampando anati palibe vuto pamenepo, kapamba ndiye pankiriyasi, mwana aliyense amadziwa. Mayi Aphunzitsi anati iwo anaphunzitsa ana zaka 35, ndipo kapamba amene ana amadziwa ndi uja amatupa munthu akadwala malungo, kumanzere pansi pa nthiti. Mayi Wofufuza anati ameneyo ndiye sipulini. Wapampando anati Mayi Aphunzitsi anaphunzitsa masamu. Mayi Aphunzitsi anati inde, n'chifukwa chake akutha kuona kuti ziwalo ndi ziwiri koma dzina ndi limodzi.

Dokotala wa Zinyama anafunsidwa kuti agamule. Anati zimatengera amene wafunsa.

Komiti inagwirizana zoona mu mtanthauziramawu. Bukulo linapezeka pa windo, pamene lakhala likugwira ntchito yotchinjiriza windo kuti lisatsekeke. Litachotsedwa, windo linamenyetseka ndipo Dokotala anataya tiyi pa thalauza. Wapampando anatsegula pa pankiriyasi n'kuwerenga mokweza kuti kapamba, ndipo anayang'ana aliyense mmodzimmodzi. Mayi Aphunzitsi analanda bukulo n'kutsegula pa sipulini. Nawonso anawerenga mokweza kuti kapamba. 

Wapampando anati buku ndi buku, koma munthuyu anaphunzitsidwa ndi maso. Anafunsa Atate a Makoswe ngati akukana zimenezo.

"Sindikukana, bwana. Adokotala anandiphunzitsadi. Anaima pakhomo, kansalu kali pamphuno, n'kuloza ndi cholembera kuti apo, apo. Pamene analozapo panali khoswe yense."

Dokotala anati tsikulo anali ndi chimfine.

Wapampando anati kaya chimfine kaya buku, dzina likufunika mawa. Anafunsa kuti pepalali analemba ndani. Atate a Makoswe analinyamula, analiona kutsogolo, analitembenuza, n'kunena kuti lilibe dzina.

"Anakupatsani ndani?"

"Ndinangoona lili m'manja mwanga, bwana. Ndi kale."

Ponena zimenezi anayang'ana ketulo. Sanayang'ane kumene kunakhala mlembi.

Pano mlembi akuyenera kulemba chimene komiti inali isanachidziwe pa nthawiyo. Pepalalo analemba ndi iye. Linali Lachisanu lina chaka chatha, nthawi ya 4:40 madzulo, pamene Wapampando anaponya malangizo a Chingerezi pa desiki yake n'kunena kuti inu chilankhulo chathu mumachidziwa, tembenuzani izi musanaweruke. Mlembi anachotsa buku lomwelija pa windo lomwelija, anaona kapamba, anataipa kapamba, anakapereka pepala kwa Atate a Makoswe ndi dzanja lake, n'kuthamangira basi. Sankadziwa kuti m'mimba muli akapamba awiri, ndipo palibe anamuuza. Koma wakhala akudziwa kwa masabata atatu tsopano, kuyambira tsiku limene lipoti la maikulosikopu linadutsa pa desiki yake. Anakhala chete chifukwa cha mantha, palibenso chifukwa china. Kalata yoitanira Atate a Makoswe ku msonkhano uno anataipa ndi iyeyo, n'kuikamo ndi mawu akuti "mwaulemu".

Wapampando anati komiti iponye voti. Iwo anaimika dzanja. Dokotala anayang'ana Wapampando n'kuimika lawo. Mayi Aphunzitsi anapinda manja pachifuwa n'kunena kuti awo akhala pomwepo. Panatsala Mayi Wofufuza, amene anali akuyang'ana tebulo, misozi ili lengelenge, dzanja likunyamuka pang'onopang'ono.

Atate a Makoswe anapempha kunena mawu amodzi, ndipo analoledwa.

"Za ntchito mugamula ndinu, mabwana. Koma makoswe aja ndinawalera ndekha. Ndinkawadziwa ndi nkhope, uyu wankhanza, uyu wadyera. Powagoneka ndinkawauza kuti mukupita kukathandiza anthu odwala. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndinawanamiza. Afa chabe."

Atatero anatulutsa makiyi a chipinda cha makoswe m'thumba n'kuwaika pa tebulo, pafupi ndi mbale ya shuga.

Zotsatirazi zalembedwa kuchokera m'mutu, chifukwa cholembera cha mlembi chinali pansi.

Mlembi anaimirira n'kunena kuti: "Bwana Wapampando, pepalalo ndinalemba ndine. Kapamba ameneyo ndi wanga. Bambowa anachita zimene ndinalemba, chilembo ndi chilembo. Ngati akuluakulu akufuna dzina, langa lilipo."

Popeza pakamwa panali patatseguka kale, mlembi anapitiriza kunena amene anamupatsa ntchitoyo 4:40 ya Lachisanu, amene anasaina malangizo a Chingerezi osapempha n'komwe kuona otembenuzidwawo, komanso amene amaphunzitsa anthu ataima pakhomo. Wapampando anati malamulo salola mlembi kulankhula pa msonkhano. Mayi Aphunzitsi anati walankhula kale, ndipo onse amva. Dokotala anatsitsa dzanja n'kuyamba kulikanda, ngati ndicho analiimikira.

Mayi Wofufuza anapukuta m'maso n'kutembenukira kwa Atate a Makoswe.

"Bambo, tandiuzani mmene munkachitira. Kuyambira poyamba."

Atate a Makoswe anafotokoza ndi manja pa tebulo. Anati kapamba savuta kumupeza, ndi wofiirira, wautali ngati kalilime. Koma ukamukoka sabwera yekha, amabwera ndi mafuta ake, ofewa, otuwa, omatirira. Tsiku loyamba anaika zonse pamodzi m'botolo. Wapampando akudutsa ananyamula botololo n'kufunsa kuti zauve zikulendewerazi n'zachiyani, yeretsani. Kuyambira pamenepo ankadula mafutawo bwinobwino ndi kasizasi kakang'ono, kuti kapamba azikhala woyera monga abwana akufunira.

Wapampando anati sakukumbukira.

"Linali Lachiwiri, bwana. Munavala taye ya madontho."

"Nanga mafutawo munawataya?" anafunsa Mayi Wofufuza.

"Lamulo nambala 9, mayi. Ndinkawaika m'botolo lawolawo, ndi mankhwala osungira omwe aja. Khoswe aliyense botolo lake, nambala yake."

Mayi Wofufuza anaimirira mpaka mpando unagwa chagada. Anati pankiriyasi wa khoswe si wolimba ngati wa munthu. Ndi wofewa, womwazikana, munthu wosamudziwa amayesa mafuta, ndipo mbali yake ina imamatirira ku sipulini. Anati mafutawo ndiye kafukufuku wawo yense, ali kuti?

Nthawi inali 11:42. Pabwalo panamveka galimoto ya zokawotcha ija ikulira, kenako geti ikutsegulidwa. Popanda womupempha, mlembi anatola cholembera n'kuwerengera komiti chigamulo cha pa mfundo yachitatu, kuphatikizapo mawu akuti nkhaniyi yatha m'mphindi ziwiri zokha.

Wapampando ndiwo anayamba kutuluka. Zaka zonsezi mlembi sanawaonepo akufulumira ngakhale belu la moto litalira, koma lero linali liwiro la mtondo wadooka. Mayi Wofufuza anatsatira, nsapato zili m'manja. Dokotala anatsatira ndi kapu ya tiyi. Pa masitepe Wapampando anagunda bondo pa ngolo ya zinyalala, koma sanaime. Otsala anaonera pa windo. Wapampando anatsekereza galimoto pa geti, manja ali m'mwamba, anakwera kumbuyo ndi suti yawo, n'kuyamba kumasula matumba ofiira a zinyalala limodzilimodzi, dalaivala atangoti kakasi.

M'chipinda munatsala Mayi Aphunzitsi, mlembi ndi Atate a Makoswe, amene anadzutsa mpando unagwa uja n'kukhalapo.

"Achimwene," anatero Mayi Aphunzitsi, "inu simukuthamanga?"

"Ndithamangire chiyani, achemwali? Mabotolo ali pa shelefu."

"Si paja Adokotala anakuuzani kuti muwakweze?"

"Anandiuza pakamwa. Lamulo likuti chilolezo cholembedwa. Ine ndikudikira pepala."

Mayi Aphunzitsi anaseka mpaka anavula magalasi. Mlembi anafuna kuseka koma inatuluka ndi misozi. Kenako anafunsa ngati n'koyenera kutsegula windo n'kuuza Wapampando. Mayi Aphunzitsi anati chiwerengero sichikukwana, choncho komiti singagamule kanthu. Anathirira Atate a Makoswe tiyi n'kuwapatsa mabisiketi awiri, kuphatikizapo ya Wapampando. Matumba ofiira anali khumi ndi anayi, ndipo Wapampando anawamasula onse.

Msonkhano unayambiranso 12:10. Mtanthauziramawu unabwezedwa pa windo kuti mphepo izilowa, ndipo mamembala anapempha Wapampando kuti akhale chakumeneko.

Mayi Wofufuza anabwera ndi botolo la nambala 33, la gulu lachitatu. Analiyang'ana pa kuwala nthawi yaitali n'kunena kuti ndi yemweyo. Anati mabotolo onse 48 alipo, manambala ndi omveka, mankhwala osungira sanaume m'botolo lililonse chifukwa Atate a Makoswe ankawonjezera mwezi ndi mwezi. Anati si chiwalo chonse, koma mbali yomatirira ku sipuliniyo ndi imene imakhala ndi tizilumba tambiri. Zotsatira zituluka pakatha masabata atatu. Kenako anapita kwa Atate a Makoswe, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti pepani bambo, dzanja langa linatsala pang'ono kuimirira. Iwo anati analiona, koma silinafike.

Mayi Aphunzitsi anafunsa ngati tsopano asiye jakisoni. Mayi Wofufuza anati ayi, asayerekeze. Sakudziwa ngati maselo anamera, ndipo ngakhale atamera, khoswe si munthu, ulendo ukadali wautali. Mayi Aphunzitsi anati chabwino, adikira, bola makoswe sanafe chabe. Atate a Makoswe anavala kapusi yawo, kenako anakumbukira kuti ali pa msonkhano n'kuivulanso.

6. ZIMENE KOMITI INAGAMULA

(a) Chigamulo cha pa mfundo yachitatu chafufutidwa. Mabotolo a mafuta asakhudzidwe. Matumba a chakudya cha makoswe apezeredwe shelefu ina, ndipo Woyang'anira Nyumba auzidwe zimenezi akadzadutsanso pa windo.

(b) Ganizo lochotsa ntchito Atate a Makoswe labwezedwa. Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti iwo mumtima sankafuna zimenezo chiyambire. Zalembedwa kuti anapempha.

(c) Kuyambira lero m'mapepala onse a nyumba ino muzilembedwa "kapamba wa shuga" ndi "kapamba wa magazi", ndipo pambali pazikhala chithunzi. Wapampando anati pakhazikitsidwe komiti yaing'ono yoona za dzinali. Palibe amene anachirikiza ganizolo.

(d) Dokotala wa Zinyama aphunzitsenso ogwira ntchito onse, ataima pafupi ndi tebulo.

(e) Kwa akuluakulu kulembedwe kuti cholakwa chinachokera ku liwu limodzi lokhala ndi matanthauzo awiri, ndipo pepala lake linadutsa anthu atatu ophunzira popanda woliwerenga. Wapampando anati mawu akuti "anthu atatu" ndi olemera. Mayi Aphunzitsi anati angathe kuwapepukitsa polemba maudindo awo. Mawuwo anasiyidwa mmene alili.

(f) Mlembi apatsidwe kalata yomuchenjeza, osati chifukwa cha kapamba, koma chifukwa cha masabata atatu amene anakhala chete. Ganizoli linachokera kwa Mayi Aphunzitsi, ndipo mlembi akuvomereza kuti n'loyenera. Zinadziwika kuti kalatayo ataipa ndi mlembi yemweyo. Ailemba mosanyengerera.

7. ZINA NDI ZINA

Mayi Aphunzitsi anati ali ndi funso limodzi kwa Atate a Makoswe, poti iwo sakonda kupita kunyumba ndi masamu osamaliza.

"Achimwene, munkadziwa amene anakupatsani pepala lija. Ntchito yanu ya zaka 22 inali ikupita. Bwanji simunamutchule?"

Atate a Makoswe anazunguza kapusi m'manja.

"Abwana anafunsa amene analemba. Ndinayang'ana, pepala lilibe dzina. Ine ndimatsata zolembedwa."

"Anafunsanso amene anakupatsani."

"Pamenepo ndinanama, achemwali. Mayi Mlembiwa, mwana wanga atadwala, ankandilembera makalata opempha tchuthi asanu ndi awiri, osatopa. Ndinati akafuna anena okha. Akapanda kunena, basi, ndiye kuti sakanatha."

Mlembi anachita manyazi kwambiri, ndipo akuchitabe.

Wapampando anati ngati palibe china, Atate a Makoswe atenge makiyi awo abwerere ku ntchito. Iwo anathokoza koma sanasunthe. Wapampando anabwereza. Atate a Makoswe anati amva bwino, koma kalata yowaitanira ku mlandu inali yolembedwa, choncho akudikira pepala.

Msonkhano unaima mphindi zisanu. Mlembi anapita ku desiki yake n'kutaipa mizere itatu yonena kuti komiti sinapeze cholakwa chilichonse pa iwo ndipo apitirize ntchito. Wapampando anasaina, ndipo ulendo uno anayamba awerenga. Atate a Makoswe anavala magalasi, anawerenga kawiri chala chikuyenda pa mzere uliwonse, kenako anayang'ana mlembi kwa nthawi yoyamba tsiku lonseli.

"Mayi, mulibe kapamba umu?"

Mlembi anati mulibe, anaona liwu lililonse kawiri.

Atate a Makoswe anatembenuza pepalalo, anaona pansi pake, n'kunena kuti ili ndiye lili ndi dzina la wolemba. Analipinda, analiika m'thumba la khothi, anatola makiyi n'kupempha kuti atuluke, chifukwa makoswe a kafukufuku wina sadziwa za misonkhano ndipo nthawi yawo yodya yapitirira.

8. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachinayi pa 4 Seputembala, nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'chipinda chomwechino, kudzamva zimene mafuta anena. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 12:55 ndipo anatuluka akutsimphina.

Mlembi akudziwitsa komiti kuti kuyambira lero pepala lililonse lochoka pa desiki yake lizikhala ndi dzina lake pansi, kuti munthu wina asadzalitembenuzenso kutsogolo ndi kumbuyo n'kumanamizira kuti sakudziwa mwini wake.

Wapampando: ..............................
Akuti asaina akawerenga zonse, ndipo mlembi sakuwafulumizitsa.

Mlembi: wasaina.
Ndi yemweyo analemba kuti kapamba.